Agogo amakonza makina oti kulibe, pano mwana wayamba kumasula enieni. Ndiletse?

Nangozo_Ulongwe:

Moni nonse abale anga. Nkhani yanga ikumveka yoseketsa koma ine yandisowetsa tulo, ndiye mundipirire ndifotokoza motalikirapo.

Bambo anga akukhala kwathu kuno ku Ulongwe chimwalirire amayi. Kale anali okonza mawailesi, ntchitoyi anaiphunzirira ku Malawi nthawi ya nkhondo ija titathawira ku Dedza ine ndili kamwana, ankakhala pakhonde pa mmisiri wina tsiku lonse kumangoyang'ana mpaka anadziwa kuwotcherera mawaya ndi kachitsulo kotenthetsa pa mbaula. Mtendere utabwera mu 1992 sipanapite nthawi tinabwerera kwathu iwo ali ndi kabokosi ka zida paphewa, ndipo kabokosi komweko ndi kamene kanatiphunzitsa sukulu tonse anayi. Pano maso anachita mdima, manja amanjenjemera, wailesi yeniyeni sangaikonzenso.

Ndiye chaka chatha anayambitsa kasewero ndi adzukulu awo. Akuti mnyumba mwathu muli makina amagetsi ovundula nsima, dzina lake Chivundulo. Chinthucho kulibe, ngakhale katoni yoyerekezera palibe, koma madzulo aliwonse ana amachinyamula awiriawiri, wina uku wina uku, akubuula ngati asenza thumba la mbatatesi, nkudzachitula pa mphasa. "Agogo, chafanso." Iwo amavala magalasi, osaseka ngakhale pang'ono, "chikuchita bwanji?" Akati chikutulutsa nsima ya mibulu, agogo amati aaa ndiye kuti lamba wa mthiko wakhwepa. Tsiku lina akuti chimaomola mitanda nkumaiponyera kwa aneba, agogo anagogoda gogoda mmalere nkupeza kuti waya wa chipande analumikizidwa mozondoka. Chimene chinatigwetsa tonse ndi tsiku lomwe chinayamba kuvundula chobwerera mmbuyo, nsima kusanduka phala, phala kusanduka ufa, ufa kusanduka chimanga, agogo akukuwa kuti zulani pulagi msanga chisanabwerere kumunda! Amamasula timasikuluwu tosaoneka nkumaika mmanja mwa mwana, "gwira bwino usataye kamodzi", mwanayo nkufumbatadi mpaka ntchito ithe. Malipiro ake ndi zitsekerero za mabotolo zitatu. Komanso akuti chimadya magetsi zedi moti tikachiyatsa, ku Songo, komwe kuli damu la magetsi la Cahora Bassa, amayenera kutsegula makina onse asanu.

Ndinene zoona, chimwalirire amayi sindinawamvepo bambo akuseka ngati mmene amasekera pa mphasa paja.

Tsono Loweruka lapitali ndinampeza mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ali yekha kuchipinda ndi mpeni wa ndiwo, wamasula kale pulagi ya ayironi yeniyeni. Mwamwayi inali yosasomeka. Ndinamukalipira kwambiri mpaka analira, akuti amangofuna aone ngati mkatimo muli fyuzi ngati ya Chivundulo. Bambo a kunyumba atamva anati basi masewerawa athe lero lomwe, mawa adzatsegula cha moto. Ine mtima uli pawiri, mwana ndikumuopera, koma ndikawalanda agogo Chivundulo chawo atsala ndi chani? Ndithandizeni nzeru.

Wamagetsi_Moatize:

Mayi, choyamba apatseni moni agogo, muwauze kuti ine ntchito ya magetsi ndi imene ndimadyera koma vuto la kuvundula chobwerera sindinakumanepo nalo kkkk, amenewo ndi akatswiri.

Pa funso lanu ine ndikuti musaletse. Mwana amene waganiza yekha kuti mu pulagi mungakhale fyuzi, nkupeza njira yomasulira, mukamuletsa sasiya, angoyamba kubisala, ndipo wobisalayo ndi amene amaopsa. Ndipotu sanalakwitse. Ngati ayironi yanuyo munagula kutsidya ku Dedza kapena ku Lizulu, ili ndi pulagi ija ya mano atatu aphwatalala, mkati mwake mulidi kafyuzi, nthawi zambiri ka 13 A. Mapulagi athu a kuno a mano awiri obulungira mulibe fyuzi, chitetezo chake chili pa disjuntor, kaswitchi kodzizimitsa kokha magetsi akachuluka, kufupi ndi mita yolipiriratu ija ya Credelec. Mukanamufunsa kaye kuti wapezamo chani bwenzi atakuonetsani.

Chomwe ndingachite ine ndi kulowetsa malamulo a ntchito mu sewero momwemo. Agogo asamakhudze Chivundulo mwana asanazule pulagi yake, ngakhale ndi yammalere, azule ndithu nkuwaonetsa mmanja kuti iyi. Azimufunsa, manja ndi ouma? Wavala nsapato? Pansi pali madzi? Akalephera chimodzi agogo azikana ntchito tsiku limenelo. Zimenezi zikalowa mmutu ali wamng'ono sizituluka, ine ndili ndi anyamata akuluakulu omwe ndimalimbana nawo pa zomwezi tsiku ndi tsiku.

Kenako mpatseni chinthu chenicheni chomwe sichingamupweteke. Tochi yakufa ya mabatire, batire limodzi ndi 1.5 V basi, pamene mu soketi muli 220 V, mumuuze manambala amenewa adziwe kusiyana kwake. Ndi batire, kababu ka tochi ndi timawaya tiwiri atha kupanga choyezera chake, akagunditsa mbali ziwiri za fyuzi babu nkuyaka ndiye kuti fyuzi ili moyo, likapanda kuyaka yapsa. Ndi chomwecho atha kuyeza nthambo ya ketulo yomwe yazulidwa pakhoma, chifukwa maketulo ndi maayironi ambiri omwe anthu amabwera nawo kwa ine akuti afa, vuto limangokhala nthambo yaduka mkati pafupi ndi pulagi pomwe imapindikapindika, chinthucho chili bwinobwino. Agogo maso alibe koma mutu ulipo, mwana maso ali nawo, apa ndiye agwirizana.

Ija ya ku Songo yandisangalatsa, agogo akudziwa zinthu. Ku Cahora Bassa makina alipodi asanu, lililonse 415 MW, onse pamodzi 2075 MW, ndipo magetsi ambiri amayenda pa nthambo za makilomita pafupifupi 1400 mpaka ku Apollo kufupi ndi Johannesburg. Ndiye Chivundulo chikamafuna onsewo, nsima yake ikhale yokwanira Angonia yense.

MayiAwiri_Tete:

Pepani ine ndisiyana nanu pang'ono abambo a ku Moatize, ndipo achemwali musawaone amuna anu ngati ouma mtima, akuopa chinthu choopsadi.

Kuno ku Tete mukudziwa kutentha kwake, October ikafika timapitirira madigiri 40, fani ikafa usiku simugona. Mlongo wanga wamng'ono ali ndi zaka 11 anaona fani yathu ikungolira huuu osazungulira, akuluakulu tonse kulibe, iye nkuti akonze poti ankaonera mnyamata wina wa pa msika. Sanazule. Anali atangochoka kosamba, phazi lili pansi pa simenti yonyowa. Ine ndinangomva kukuwa ndili panja, ndikulowa ndinampeza dzanja lakanirira pa waya, mwamwayi aneba anali pafupi anathamangira kukazimitsa pa mita, ine ndikanamugwira ndi manja bwenzi tonse tili pomwepo. Anapulumuka koma chipsera chili pachikhatho mpaka lero, ndi bambo wa ana pano koma akaona waya wosenda amabwerera mmbuyo.

Ndiye ine ndikamamva kuti mwana azizolowera kumasula zinthu, thupi limandizizira. Mwana wa zaka 9 lero akumbukira kuzula, mawa aiwala, ndi mwana. Sindikuti agogo asiye nthabwala zawo ayi, zimenezo ndi mankhwala awo ndipo inenso ndaseka ndekha pano ndi nsima yobwerera kumundayo. Koma mpeni, sikuludilaiva ndi chilichonse chomasulira zikhale pomwe iye sangafike, masoketi apansi muwatseke, ndipo lamulo likhale limodzi losavuta, chilichonse cholowa kukhoma sakhudza popanda munthu wamkulu, kaya chasomekedwa kaya ayi. Komanso ana onse mnyumbamo adziwe pozimitsira magetsi a nyumba yonse, ndipo adziwe kuti munthu akagwidwa ndi magetsi sitimukoka ndi manja, timazimitsa kaye, zikakanika timamukankha ndi mtengo wouma. Ine zimenezi ndinadziwa mochedwa.

Wamagetsi_Moatize:

Mayi a ku Tete mwanena zoona ndipo pepani ndi zomwe zinachitikazo. Fani yolira osazungulira kawirikawiri imakhala kapasita yatha mphamvu, kanthu kakang'ono kotchipa kosunga magetsi, koma taonani pomwe kanafikitsa mwana.

Ndionjezere chimodzi chomwe ndinaiwala, ndipo ichi agogo akuchidziwa bwino poti anagwirapo zakale. Pali zinthu zina zoti ngakhale mwazula pulagi zimasungabe moto mkati, makamaka ma TV akale aja a chimsana ndi microwave, kapasita yake imatha kumenya munthu chinthucho chili chozimitsa. Zimenezo mwana asayandikire nkomwe, ngakhale zakufa zotayidwa kuseri kwa nyumba. Ndipo fyuzi ikapsa tisamangepo waya kapena kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya monga amachitira ena, fyuzi inapangidwa kuti ipse iyoyo nyumba itsale.

Mlimi_wa_Tsangano:

Kkkkk abale ine kwathu magetsi ndi a sola, kapanelo kamodzi ndi batire ya 12 V yotchajira mafoni ndi mababu awiri, koma ndawerengera ana anga nkhaniyi ndipo pano akuti ifenso tili nacho Chivundulo, chathu ndi cha sola. Vuto lake akuti kukachita mitambo chimangophika phala, nsima mpaka dzuwa lituluke, ndiye mukudziwa kuno June ndi July chifunga chake, tikhalira phala miyezi iwiri. Tawafunsireni agogo ngati pali chochita, zitsekerero tili nazo zambiri titumiza pa chapa, minibasi zathu zija.

Pa nkhani ya mwanayo ine ndilibe nzeru zambiri, koma mtsikana wokonda zimenezi musamufooketse. Kuno foni ikafa timayenda ulendo kukafuna wokonza.

Nangozo_Ulongwe:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo konse. Achemwali a ku Tete nkhani ya mlongo wanu ndinawawerengera bambo a kunyumba, anangoti wamva? Ndipo zida zonse takweza pamwamba pa kabati, za masoketi agula zotsekera mawa akapita ku msika.

Koma dzulo madzulo ndinakhala pansi ndi bambo anga nkuwauza zonse, za mpeni ndi ayironi zomwe, poti ndinali ndisanawauze kuopa kuti adziimba mlandu. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu. Kenako anandituma ndikatenge kabokosi kawo kaja pansi pa bedi, ndinali ndisanakaone kotsegula zaka zambiri, mkati muli timawaya tokulungidwa bwinobwino, kachitsulo kowotcherera kaja kakuda bii ndi makala, ndi tochi yachitsulo yakalekale. Anamuitana mdzukulu wawo nkumuuza kuti kuyambira lero iwe ndiwe wothandizira wanga, koma wothandizira amene wagwira cha kukhoma ine kulibe ndimamuchotsa ntchito, ndipo Chivundulo chimapita kwa mmisiri wina. Mwana anavomera maso ali tong'o.

Ana atabwera nacho chija, agogo anapinda manja nkukana kuchikhudza. Anafunsa kuti pulagi ili kuti, kamng'ono ka zaka 5 nkuthamangira kukhoma kukazula mmalere nkubwera nayo kakuigwira ndi zala ziwiri. Anayendera manja a aliyense ngati ndi ouma, mmodzi anabwezedwa kukavala masilipasi. Bambo a kunyumba anali pakhomo akuonerera, sananene kanthu koma sanachokepo.

Atatha kukonza anatulutsa tochi ija. Mwana anaimasula yekha, agogo akungomuuza kuti ukuona chani, iye nkuti kasipuling'i ka kumbuyo kali ndi zobiriwira, iwo nkuti pala ndi kamwala mpaka kawale. Tinaikamo mabatire a mu wailesi ya kukhitchini. Sinayake. Agogo akuti ndiye kuti babu linapsa kalekale, ndipo pano vuto ndi loti timababu ta mtundu umenewo sindikutionanso mmashopu muno, paliponse ndi ma LED okhaokha. Abambo a ku Moatize ngati mukudziwa komwe tingapeze mundiuze, mwana wagona nayo tochiyo kumutu.

A ku Tsangano, agogo akuti Chivundulo cha sola chimafuna muchifunditse bulangete usiku ndipo mmawa muchiyang'anitse ku Malawi komwe dzuwa limatulukira. Akuti zitsekerero zikhale zisanu poti ndi ntchito ya kutali.