Chigwembe cha m'munsi mwa phiri la Soche chikukulirakulira, titani?

Moni nonse akatswiri a za nthaka ndi madzi. Tikufuna nzeru pa chigwembe china ku Chilobwe, Blantyre, chomwe chinakumbika ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chadutsa pakati pa nyumba, n'chakuya pafupifupi mamita 2, ndipo mvula ikagwa mwamphamvu makoma ake amagumuka.

Tinabzala udzu wa vetiva m'mbali, phando lililonse kutalikirana masentimita 10 mpaka 15. Wa pamwamba wagwira bwino, koma wa pansi madzi anauzula mizu isanazame. Matumba a mchenga sanathe ndi nyengo imodzi, dzuwa linawafumbutsa. Tinaunjikanso miyala modula liwiro la madzi, koma madzi amakumba kunsi kwake n'kuigwetsa. Tikuganiza kuti tinalakwitsa posaika miyala ina kumunsi pomwe madzi amagwera, komanso sitinailowetse m'makoma mokwanira. Kalavati ya kumunsi nayo imatsekeka ndi majumbo, madzi n'kubwerera m'makomo mwa anthu.

Funso lathu: pamalo otsetsereka chonchi, timakoma ta miyala tiziyika motalikirana bwanji? Lamulo loti msonga ya kakhoma kakumunsi ilingane ndi tsinde la kakumtunda limagwirabe ntchito pamene madzi akubwera ndi miyala kuchokera kuphiri? Nanga magabiyoni (mabokosi a waya odzaza ndi miyala) a waya wa galvanized, wosachita dzimbiri msanga, angapirire zaka zingati m'madzi osakanikirana ndi zinyalala? Amene munayesapo ku Ndirande kapena Bangwe, tithandizeni mvula ya Disembala isanafike.