Za mng'ono wanga uja, tabwerako kuchipatala

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za mng'ono wanga amene anachoka pakhomo ku Mufakose, ku Harare, n'kukapezeka ku Mbare Musika (msika waukulu wa mumzindawu) osadziwa kuti wafikako bwanji. Ena munati ndi mizimu tipite kwa aneneri, sindikunyoza ayi mapemphero tikupempherabe, koma ine ndinatsatira mayi aja amene anati tiyambire ku Annex, mbali yoona matenda a maganizo ya chipatala cha Parirenyatwa.

Adokotala anayamba ayeza kaye ngati si khunyu, anafunsanso za mowa ndi chamba, zonsezo palibe. Kenako anati ndi dissociative amnesia, maganizo amatseka okha zinthu zowawa kwambiri moti munthu amaiwala maola kapena masiku ngakhale ubongo uli bwinobwino, ndipo kuyenda kosadziwa kuja amati fugue. Kwa iyeyu zinayamba itachitika ngozi ya kombi (minibasi) chaka chatha, ife tinkangoti poti mabala apola basi wachira.

Anatiuzanso za mitundu ina iwiri ya matenda a gulu lomweli. Depersonalization kapena derealization, munthu amamva ngati thupi si lake kapena anthu omuzungulira ali m'maloto, koma iyeyo amadziwa kuti n'kumva chabe. Winawo ndi dissociative identity disorder, munthu mmodzi kukhala ngati muli anthu angapo osinthana, kawirikawiri gwero lake ndi nkhanza za paubwana.

Piritsi lakelake la matendawa kulibe, mng'ono wangayo akumacheza ndi kansala (mlangizi wa zamaganizo) sabata iliyonse. Musamukakamize munthu kukumbukira, ine ndinalakwitsa pamenepa, ndinkamupanikiza ndi mafunso mpaka kulira. Lembani tsiku ndi nthawi zikachitika, kabuku kathu kanawathandiza kwambiri adokotala.