Ma burger a soya pieces akuphwasuka m'chiwaya, ndiwagwirizitse ndi chiyani?

Odziwa kuphika, chonde ndithandizeni. Ndikufuna ma burger opanda nyama, opandanso dzira. Ndimaviika soya pieces magalamu 200 m'madzi otentha kwa mphindi 10, kufinya kwambiri pansalu, n'kusinja mumtondo. Kenako ndimasakaniza ndi kapu imodzi ya nyemba zophika zophwanyaphwanya, anyezi wokazinga, adyo, mchere ndi masipuni atatu a ufa wa tirigu.

Poumba amagwirana bwinobwino, koma potembenuza m'chiwaya amang'ambika m'mbali, mkati muli phalaphala. Ndikukayikira madzi a m'nyembamo, komabe ndikawonjezera ufa amauma ngati chikondamoyo.

Kodi ufa wa chinangwa umagwira kuposa wa tirigu? Masipuni angati? Nanga popanda firiji, ndikaumba ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisanakazinge, ndipo moto ukhale wochuluka bwanji?