Sukulu zikatsekedwa ndi sinowo ana mumawasiya kuti?

Abale anga a kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndithandizeni nzeru chonde. Ndili ndi ana awiri, wina giredi 1 wina giredi 4, ndipo ndimagwira shifiti ya m'mawa kunyumba yosamalira okalamba, 6 koloko ndimayenera ndikhale nditafika kale. Vuto ndi loti meseji ya kusukulu imalowa m'bandakucha ine nditavala kale yunifomu, akuti lero basi ichedwa ndi maola awiri, pena akuti kulibe sukulu ana aphunzire pa kompyuta ya Chromebook kunyumba, koma kuntchito zimenezo samva, agogo aja amafunika kusambitsidwa ndi kudyetsedwa kaya kunja kwayera mbuu.

Sinowo wake wa kunoyu ndi wa nyanja ya Lake Michigan, mphepo yozizira ikadutsa pamadzi imadzakhuthula pano, mpaka galimoto kukwiririka pomwe ku Indianapolis kuli bwinobwino. Tsiku lina sinowo kulibe koma atsekabe chifukwa cha kuzizira kokhako, poopa ana podikira basi. Apo sindikuwatsutsa ayi, wamng'onoyu magolovesi amataya daily.

Ndiye inu anzanga a mashifiti mumatani? Alipo amene tingamasinthane kusunga ana masiku oterewa? Ine Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala ndili pakhomo, ndikhoza kubweza.

Komanso poti Indiana imafuna masiku 180 a sukulu, masiku otsekedwawa amawonjezera mu June, kapena akaphunzira pa intaneti amawerengedwa? Ndikufuna kugula matikiti opita kumudzi mitengo isanakwere.