Ndikupempha malangizo pa kasiyidwe ka ntchito

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga muno. Ndikugwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, ndipo ndikufuna kusiya chifukwa ndapeza ntchito ina ku Zomba, koma abwana akukana kulandira kalata yanga.

Ndimalandira malipiro pamwezi, ndipo monga ndikudziwira, lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati munthu wolipidwa pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, kapena alipire ndalama za mweziwo m'malo mwa notisi. Ndinalemba kalata yotchula tsiku langa lomaliza, koma abwana anandibwezera osasainira, ati ndidikire nyengo ya alendo a Khirisimasi idutse. Ndinapempha kope la kontilakiti yanga, mpaka pano sanandipatse. Anzanga akundiuza kuti ndingochoka malipiro akalowa, koma ine sindikufuna kutero, chifukwa ndikufunika kalata yotsimikizira kuti ndinagwirapo ntchito pamenepa, komanso ndili ndi masiku atchuthi omwe sindinapume ndi ndalama za penshoni zomwe akhala akundidula mwezi uliwonse.

Funso langa ndi ili: kodi notisi imayamba kuwerengedwa tsiku limene ndinapereka kalata ngakhale sanasainire, kapena ndiitumizenso pa imelo kuti pakhale umboni? Nanga ndikapita ku ofesi ya zantchito pa boma, ndinyamule mapepala ati? Amene munasamutsapo penshoni posintha ntchito, chonde mundifotokozere mmene munachitira. Zikomo kwambiri.