Mfuti yagwira dzimbiri, ndiipake chiyani chokhalitsa?

Mlimi wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi chifefe cha mipope iwiri, chili m'dzina langa ndipo laisensi ndimalipira kupolisi ku boma la Kasungu. Vuto ndi dzimbiri. Dzinja likangoyamba, chinyontho chimalowa mpaka m'bokosi momwe ndimasungira, ndipo kuda kwake kwa kufakitale kunasuluka pomwe ndimagwira. Oyilo ndimapaka, koma mwezi sutha dzimbiri labwereranso. Ndamva za Cerakote ndi DuraCoat, mapenti apadera opaka pa mfuti, komanso cold blue, mankhwala odetsa chitsulo osafuna moto. Kodi chotheka kuchita pakhomo ndi chiti? Nanga penti wopopera wa m'sitolo za hadiweya sangagwire? Mfutiyi ndimaikonda, sindikufuna kuiona ikudyeka.

Wowotcherera wa ku Mtunthama:
Achimwene, penti wa m'kachitini musayese. Akakumana ndi oyilo amafewa, kenako amamatuka, ndipo dzimbiri limadya pansi pake inu osaona.

Mdala wa ku Chamama:
Mwananga, mwati mipope iwiri? Ndiye Cerakote wa mu uvuni muiwale. Amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 120 Celsius kwa maola awiri, pomwe mifuti yambiri yakale ya mtunduwu mipope yake anailumikiza ndi mtovu wofewa. Uvuni wa pakhomo sukhazikika, ukapitirira mlingo mtovuwo umatha kulekerera, kachitsulo kapakati pa mipopeyo n'kuyamba kugwedera. Komanso uvuni wophikira chakudya cha ana si wowotcheramo mankhwala. Ulipo Cerakote wina wouma ndi mphepo pa masiku asanu, koma onsewo amafuna chitsulo chikwechedwe kaye ndi makina opemerera mchenga wa aluminium oxide. Kwathu kuno muwapeza kuti?

Wowotcherera wa ku Mtunthama:
DuraCoat ndiye anapangidwira anthu apakhomo. Safuna moto. Amasakaniza magawo 12 a penti ndi gawo limodzi la cholimbitsira, amapopera mopyapyala kangapo, koma kuti alimbe zenizeni pamatenga milungu itatu kapena inayi. Kuvuta kwake n'kwakuti amachokera ku America, ndipo mankhwala oyaka chonchi savomerezeka wamba pa ndege. Chinsinsi chili pa kutsuka. Chotsani mafuta onse ndi mankhwala osungunula mafuta otchedwa acetone, muvale magolovesi, chifukwa ngakhale chala chimodzi chikakhudza chitsulo pentiyo sagwira pamenepo. Mupopere panja, mutatseka mphuno, nthawi ya chilimwe osati pano mvula ili mkati.

Mayi wa ku Nkhamenya:
Bambo, musanayambe chilichonse onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, ana akhale kutali. Ndipo nambala ya mfuti isakwiririke kapena kukwecheka, apolisi amaiwerenga, ikapanda kuoneka mukhala pa mlandu. Kafunseni kaye kupolisi musanasinthe maonekedwe ake.

Mdala wa ku Chamama:
Amayi anena zoona. Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi: pukutani dzimbiri pang'onopang'ono ndi sitiliwaya wosalala kwambiri, wa 0000, mutamunyowetsa ndi oyilo. Kenako tsukani mafutawo, pakani cold blue pamalo osulukawo, tsukuluzani, umitsani, pakaninso oyilo. Dziwani kuti cold blue ndi wopyapyala, payekha dzimbiri saliletsa, amadalira oyiloyo. M'kati mwa mpope ndi molowa chipolopolo musapakemo penti aliyense. Chogwirira chamtengo cha mfutiyo muchidyetse mafuta a linseed.

Mlimi wa ku Santhe:
Zikomo nonse. Za mtovuzo zandiopsa, ndiyamba ndi cold blue. Nanga bokosilo ndilitani kuti chinyontho chisamalowe? Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'makatoni a nsapato tingakwanire?