Ndithandizeni kuzindikira ka stonefly kamene ndapeza m'mapiri a Mchinji

Akuluakulu odziwa za tizilombo ta m'madzi, zikomo. Ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Mchinji. Loweruka lapitali ndikutembenuza miyala m'kamtsinje kothamanga kamene kamathira mu Bua, ndinapeza tiana taphwatalala ta stonefly, tizilombo touluka timene tiana take timakulira m'madzi. Tili ndi michira iwiri, zikhadabo ziwiri pa mwendo uliwonse, ndipo timanyenje topumira tili m'mbali mwa chifuwa, osati pamimba monga ta mayfly, kachilombo kena kokulira m'madzi. Usiku ndi tochi ndinagwiranso zikuluzikulu zake ziwiri zamapiko, zachikasu, zokhala ndi timaso tiwiri tating'ono pakati pa maso aakulu. Ndiye ndikuti ndi Neoperla, gulu lina la ma stonefly.

Apa mpamene ndaima. Kale ambiri ankangotcha Neoperla zonse za mu Africa muno kuti Neoperla spio, koma zinadziwika kuti ndi mitundu yambiri yofanana ngati mapasa. Kusiyanitsa kwake n'kuona chiwalo choberekera cha yaimuna chitatulutsidwa, kapena chigoba cha mazira a yaikazi. Maikulosikopu yathu ndi yotopa, galasi lake lili ndi nkhungu. Kodi chiwalocho mumachitulutsa bwanji osaching'amba?

Funso lina ndi la DNA. Poyeza jini ya COI, kachigawo ka DNA kozindikiritsa mtundu wa kachilombo, mwendo umodzi umakwanira, koma uyenera kusungidwa mu ethanol (mowa wa mu labu) wa 95%, osati mankhwala oumitsira a formalin. Ethanolyo ndikamupeza kuti pafupi? Mnzanga akuti kachasu wa mutu, ine ndakana. Nanga ku Lilongwe kapena ku Zomba alipo amene angayeze, ndipo ndikonze ndalama zingati?